Mbewu ya bambo nayo imasungika

Mlimi wa ng'ombe zamkaka wa ku Thyolo, Chiradzulu kapena Mulanje sadabwanso akaona mlangizi akutulukira pa njinga yamoto atamangirira kachigubu kachitsulo kumbuyo. Amadziwa kuti m'kachigubumo muli mbewu ya nkhunzi yomwe idatengedwa kalekale, mwina ku Mikolongwe, mwina kunja kwa dziko lino, n'kusungidwa m'chisanu choopsa. Mlangizi akatsegula chivundikiro mumatuluka utsi woyera. Amasolola kachubu kopyapyala, kukaviika m'madzi ofunda, kenaka n'kuthira mbewuyo m'chiberekero cha ng'ombe yomwe ili pa nyengo yofuna yamphongo. Pakatha miyezi 9 kathole kabadwa, pomwe nkhunzi yakeyo mwina anthu adaidya kale ndiwo.

Chomwe ambiri sitidziwa n'chakuti luso lomweli limagwiranso ntchito kwa anthu, ndipo lakhala likutero kwa zaka zoposa 70. Mwamuna akhoza kupereka mbewu yake lero, achipatala n'kuisunga, iye n'kudzabereka nayo mwana patapita zaka 10 kapena 20, thupi lake litaleka kale kupanga mbewu. Nkhani zakuchipinda sitizikamba pabwalo, n'zoona, ndipo akuluakulu andikhululukire pomwe ndizitchula zinthu ndi maina ake. Komatu pali anyamata omwe amataya mwayi wodzatchedwa bambo chifukwa choti pa tsiku lomwe nkhaniyi imayenera kukambidwa, dokotala adali ndi mzere wautali panja, wodwala adali ndi mantha a imfa, ndipo makolo samadziwa n'komwe kuti pali choti n'kufunsa.

Omwe nkhaniyi imawakhudza kwambiri ndi odwala khansa. Mankhwala a chemotherapy amasakasaka maselo omwe akuchulukana mofulumira, poti ndi mmene khansa imakulira. Tsoka lake mankhwalawo sasiyanitsa mdani ndi mbale. Tsitsi limayoyoka chifukwa maselo a kumizu kwake nawo amachulukana msanga. M'kamwa mumatuluka zilonda pa chifukwa chomwecho. Ndiye m'machende, momwe mbewu mamiliyoni ambirimbiri zimapangidwa tsiku ndi tsiku, mankhwalawa amasakaza osati masewera. Kusiyana kwake n'kwakuti tsitsi likameranso aliyense amaona n'kuthokoza Mulungu, pomwe zam'katizi palibe amaziona.

Si mankhwala onse omwe amawononga mofanana. Madokotala amaopa kwambiri cyclophosphamide, busulfan, procarbazine ndi cisplatin, makamaka akaperekedwa ambiri kapena kwa nthawi yaitali. Chimodzimodzi radiotherapy, kuwotcha khansa ndi makina kuja, ikalunjika kufupi ndi chinena. Yemwe akukasinthidwa mafuta a m'mafupa ndiye amalandira mankhwala amphamvu zedi moti kawirikawiri ubereki umathera pomwepo. Ena mbewu zawo zimabwerera pakatha chaka, zaka ziwiri kapena zisanu. Ena sizibwereranso mpaka kalekale. Ndipo palibe dokotala yemwe angaloze wodwala n'kumuuza motsimikiza kuti iwe udzabereka, iwe ayi. Khansa ya machende, yomwe imakonda kugwira anyamata a zaka zapakati pa 15 ndi 35, ndi yofala kwambiri pakati pa azungu kusiyana ndi kuno ku Africa. Koma khansa ya m'magazi, lymphoma ndi Kaposi sarcoma zimagwira achinyamata athu, ndipo nazonso chithandizo chake ndi chemotherapy.

Pano pali chinthu chomwe chimasokoneza abambo ambiri, ndipo ndikufuna tichimvetse bwino. Kwathu kuno mwamuna wosabereka timamuika m'dengu limodzi ndi uja timati adagwa mu mpapaya. Zinthu ziwirizi n'zosiyana kutalitali. Munthu yemwe mbewu zake zaphedwa ndi mankhwala akhoza kukhala ndi chilakolako monga kale, kugwira ntchito yakuchipinda monga kale, umuna n'kumatuluka wooneka bwinobwino. Pajatu gawo lalikulu la umuna ndi madzi chabe ochokera m'timatumba tina ta m'thupi. Mbewu zenizenizo ndi kagawo kochepetsetsa, ndipo sizioneka ndi maso pokhapokha pa makina a ku labotale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu mililita imodzi ya umuna wa mwamuna wobereka mumayenera kupezeka mbewu zosachepera 16 miliyoni. Wina akhoza kukhala alibe ngakhale imodzi, iye osadziwa kanthu.

Zotsatira zake tikuzidziwa tonse. Banja likatha zaka ziwiri kuli zii, zala zimaloza mkazi. Apongozi amayamba kuyankhula mokuluwika, alamu amayamba nyimbo pamtondo, ndipo ulendo wa kwa asing'anga umayambika. Mayi amamwa mitsitsi yowawa ya mitundumitundu pomwe bambo ali phee, akudzidalira kuti iwo alibe vuto poti zakuchipinda zikuyenda. Ena amakwatira mitala, wachiwiriyo nayenso osaima. M'midzi ina akuluakulu akazindikira pomwe pagona vuto amakonza zolowetsa fisi usiku, mwambo womwe wavulaza mitima ya anthu komanso kufalitsa matenda. Mu 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse padziko lapansi amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina m'moyo wake, ndipo akatswiri amagwirizana kuti pafupifupi theka la maanja otere vuto limakhudzanso mwamuna. Tsono taganizani mnyamata yemwe adachira khansa ali ndi zaka 19, wakwatira ali ndi zaka 28, ndipo palibe adamuuzapo kuti mankhwala omwe adapulumutsa moyo wake aja ndiwo achititsa. Mtsikana wosalakwa ndiye adzasenze mtolowo.

Mpata wosunga mbewu ndi waufupi kwambiri. Iyenera kutengedwa wodwala asanalandire ngakhale dontho limodzi la chemotherapy. Mankhwala akangolowa m'thupi, mbewu zomwe zilipo zikhoza kukhala zowonongeka m'kati mwake, n'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti munthu asapereke mimba ali pa chithandizochi ngakhalenso kwa miyezi ingapo atamaliza. Choncho nkhani yonse imagona pa masiku ochepa aja a pakati pa tsiku lomva zotsatira ndi tsiku loyamba mankhwala, masiku omwe mutu wa munthu umakhala utaima.

Ganizo losunga mbewu m'chisanu si ladzulodzuloli. M'chaka cha 1776 wansembe wina wa ku Italy yemwenso adali katswiri wa sayansi, Lazzaro Spallanzani, adaona kuti mbewu za abambo akaziika m'chipale chofewa zimaleka kuyenda ngati zafa, koma akazifunditsa zimayambanso kugwedezeka. Patapita zaka 90, mu 1866, dokotala wina wa dziko lomwelo, Paolo Mantegazza, adalemba kuti tsiku lina msilikali adzatha kusiya mbewu yake kumudzi kuti ngakhale akafere kunkhondo, mkazi wake adzamuberekere mwana. Anzake a nthawiyo ayenera kuti adamuona ngati wozungulira mutu. Lero zikuchitika. Kuyambira pomwe Russia idathira nkhondo dziko la Ukraine mu 2022, asilikali ambiri a ku Ukraine akhala akusiya mbewu zawo m'zipatala asanapite komenyana.

Chomwe chidavuta kwa zaka zambiri ndi madzi. Selo lililonse ndi lodzadza ndi madzi, ndipo madzi akamaundana amapanga timiyala tosongoka ngati magalasi osweka, tomwe timaboola selo n'kulipha. Mayi aliyense yemwe adaiwalapo tomato m'chipinda choundanitsa cha firiji akudziwa mmene amatulukira: wofooka, madzi okhaokha. Yankho lidapezeka mwangozi mu 1949 ku Mill Hill mumzinda wa London. Akatswiri atatu, Christopher Polge, Audrey Smith ndi Alan Parkes, ankayesa kuundanitsa mbewu za tambala pogwiritsa ntchito madzi a shuga, koma zinkangofa. Tsiku lina botolo lina lidapereka zotsatira zodabwitsa, mbewu zambiri zidadzuka zamoyo. Atafufuza adapeza kuti mapepala olemba maina pa mabotolo adasokonekera, ndipo m'botololo mudalibe shuga koma msakanizo wa glycerol ndi choyera cha dzira. Glycerol ameneyu amalowa m'selo n'kulepheretsa timiyala tija kupangika mochuluka. Mpaka lero ndi yemwe amagwiritsidwa ntchito.

Oyamba kupindula adali alimi a ng'ombe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Anthu adatsatira posakhalitsa. Mu 1953 ku Iowa m'dziko la America, Jerome Sherman ndi dokotala Raymond Bunge adalengeza kuti amayi atatu aima ndi mbewu yomwe idaundanitsidwa n'kusungunulidwa. Ana adabadwa athanzi.

Nanga zimachitika bwanji munthu akapita kuchipatala chosunga mbewu? Poyamba amamuyeza magazi kuona ngati ali ndi HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, kenaka amasaina mapepala. Amalangizidwa kukhala masiku awiri kapena kuposerapo, osapitirira 7, asanagone ndi mkazi, ngakhale kuti wodwala yemwe mankhwala akumudikira samuchedwetsa ndi lamulo limeneli. Amapatsidwa kabotolo koyera ndi chipinda cha yekha, ndipo amatulutsa umuna ndi dzanja lake. Apa mpomwe abambo ambiri amagwa ulesi, ena mpaka kubwerera pakhomo. Ine ndimaona kuti manyazi a mphindi zochepa sangafanane ndi zomwe amayi athu amapirira ku sikelo ndi kuchipinda chochirira, komwe amavula pamaso pa anthu osawadziwa popanda wowafunsa ngati akuchita manyazi. Yemwe walephereratu chifukwa cha kudwala, kapena amene umuna wake mulibe mbewu, madokotala akhoza kutenga mbewu ndi singano kapena kudula kachidutswa kakang'ono m'chende momwemo atamubaya mankhwala oletsa ululu.

Umunawo uyenera kufika m'manja mwa a labotale ola lisanathe. Iwo amawerenga kuchuluka kwa mbewu, kuona kuti zomwe zikusambira ndi zingati, n'kusakaniza ndi madzi a glycerol aja. Kenaka amagawa m'timachubu tingapo, kalikonse kolembedwa dzina ndi nambala ya mwini wake, kuti podzagwiritsa ntchito asadzasungunule zonse nthawi imodzi. Timachubuto amatiziziritsa pang'onopang'ono pa nthunzi ya nayitrojeni, kenaka n'kutimiza m'thanki ya nayitrojeni wamadzi, yemwe kuzizira kwake ndi madigiri 196 kunsi kwa ziro. Pa chisanu chotere chilichonse m'selo chimaima. Mbewu siikalamba, siidya, siifa. Nthawi ikalola, munthu amapereka kawiri kapena katatu pa masiku osiyana, chifukwa posungunula pafupifupi theka la mbewu silidzukanso. Ndipo pasapezeke wina woyesera zimenezi kunyumba. Firiji ya m'khitchini imafika madigiri 18 okha kunsi kwa ziro, ndipo popanda glycerol mbewu zimafa tsiku lomwelo.

Wina afunsa kuti nanga ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno zingatheke? Chosangalatsa n'chakuti thanki ya nayitrojeni siyendera magetsi. Ili ngati fulasiki ya tiyi yaikulu, ndipo n'chifukwa chake mlangizi wa ng'ombe amatha kuyenda nayo kumidzi komwe kulibe ngakhale pholo limodzi. Chomwe imafuna ndi munthu wokhulupirika woithira nayitrojeni wina nthawi ndi nthawi, poti amauluka pang'onopang'ono. Pamenepa ngakhale maiko olemera adapunthwapo. Mu June 2003, pa chipatala cha Southmead mumzinda wa Bristol ku England, nayitrojeni adatsika m'thanki momwe mudali mbewu za odwala khansa, mbewuzo n'kusungunuka. Nkhani ya abambo 6 mwa iwo idakafika kukhoti, ndipo mu 2009 khoti la apilo lidagamula kuti mbewu yomwe munthu wasungitsa ndi katundu wake, kotero chipatala chomwe chaitaya mosasamala chikhoza kuzengedwa mlandu monga aliyense wotaya katundu wosungitsidwa. Chigamulochi chidali chachilendo chifukwa kuyambira kale malamulo a ku England sankaona thupi la munthu kapena zotuluka m'thupi ngati katundu.

Kusunga ndi gawo losavuta. Chovuta ndi kudzagwiritsa ntchito, ndipo apa sindikufuna kunamiza munthu. Mbewu ikakhala yambiri ndi yamphamvu, dokotala amangoithira m'chiberekero cha mayi pa masiku ake oyenera, monga zimakhalira ndi ng'ombe zija. Njira imeneyi ndi yotsikirapo mtengo koma nthawi zambiri siigwira ulendo woyamba, imafuna kubwereza. Mbewu ikakhala yochepa pamafunika IVF, njira yomwe idabweretsa mwana woyamba, Louise Brown, ku England mu 1978. Mayi amabayidwa jakisoni kwa masiku angapo kuti akhwimitse mazira ambiri, mazirawo amatulutsidwa ndi singano, amakumanitsidwa ndi mbewu mu labotale, kenaka kamluza kamabwezeretsedwa m'chiberekero. Mu 1992 ku Brussels m'dziko la Belgium, gulu la akatswiri momwe mudali Gianpiero Palermo ndi André Van Steirteghem lidalengeza za ana oyamba obadwa kudzera m'njira ya ICSI, yobaya mbewu imodzi yokha m'kati mwa dzira. Izi zidasintha zinthu kwambiri kwa odwala khansa, chifukwa ambiri mwa iwo matenda amakhala atachepetsa kale mbewu zawo asanayambe n'komwe mankhwala. Kale umuna wotere unkatayidwa kuti ndi wopanda ntchito. Lero ngakhale mutapezeka mbewu zowerengeka chabe, amasunga.

Onani kuti pa zonsezi thupi lomwe limavutika ndi la mayi. Jakisoni ndi wake, singano ndi yake, kukhumudwa kwa mwezi ndi mwezi n'kwake. Ndalamanso si zochepa. Pali zolipira poyamba, zolipira chaka ndi chaka kuti timachubu tikhalebe m'thanki, ndiye IVF yeniyeniyo ndi ya ndalama zomwe mphunzitsi wa ku pulayimale sangazisonkhanitse popanda kugulitsa munda. Ndipo ngakhale utalipira zonsezo palibe amakulonjeza mwana. Chomwe munthu amagula posunga mbewu ndi mwayi chabe. Koma funsani banja lomwe lidauzidwa kuti palibiretu chomwe chingachitike, likuuzani mtengo wa mwayi umenewo.

Zitsanzo zoti zimatheka zilipo. Lance Armstrong, katswiri wopalasa njinga wa ku America yemwe pambuyo pake adalandidwa zikho za mpikisano wa Tour de France kaamba kogwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa, adapezeka ndi khansa ya machende mu 1996 ali ndi zaka 25, itafalikira kale m'mapapo ndi mu ubongo. Asanayambe chemotherapy adasungitsa mbewu. Ndi mbewu imeneyo adabereka mwana wamwamuna mu 1999 ndi mapasa aakazi mu 2001. Chodabwitsa, mu 2009 adaberekanso mwana wina mwachilengedwe, kusonyeza kuti thupi lake lidadzachira lokha patapita zaka. Ku Manchester, mnyamata wina yemwe adasungitsa mbewu ali ndi zaka 17 asanayambe chithandizo cha khansa ya machende adadzabereka nayo mwana itakhala m'thanki zaka 21. Madokotala a pa chipatala cha St Mary's adalengeza nkhaniyi mu 2004. Kafukufuku wa zaka zambiri sadapeze kuti ana obadwa ndi mbewu youndanitsidwa amabadwa ndi zilema kuposa anzawo.

Kupatula odwala khansa, palinso ena oyenera kuganizirapo. Odwala sickle cell omwe akuyamba kumwa hydroxyurea, mankhwala omwe amathandiza zedi koma amatsitsa chiwerengero cha mbewu. Omwe akukachitidwa opaleshoni yokhudza machende kapena prostate. Abambo omwe asankha njira yotseka ya kulera koma mtima ukuwauza kuti za mawa sizidziwika. Za anyamata athanzi omwe makampani a kunja amawakopa pa intaneti kuti asungitse mbewu adakali ndi zaka 25 poopa ukalamba, ine ndimaona ngati malonda chabe. N'zoona kuti mbewu imatsika mphamvu munthu akamakula, koma mwamuna sasiya kubereka mwadzidzidzi, ndipo tonse tikudziwa agogo omwe ali ndi ana a ku mkaka. Mnyamata wotere angachite bwino kusiya fodya, kuchepetsa mowa ndi kupewa majakisoni a testosterone ndi mankhwala otukumula minofu omwe afala m'malo onyamulira zitsulo, chifukwa amenewo amauza machende kuti aleke ntchito.

Chisanu sichichiritsa kanthu. Chimangosunga chomwe chilipo. Mbewu ikalowa m'thanki yofooka idzatulukanso yofooka. Abambo ambiri kuno kwathu ubereki wawo umawonongeka ndi zinthu zomwe thanki singathandize: chinzonono chomwe chidachedwa kuchizidwa n'kutseka njira za mbewu, matsagwidi omwe adatsikira kumachende munthu atakula kale, likodzo lomwe limafikanso ku ziwalo zoberekera. Chisanu sichiphanso tizilombo. Mu 1985 madokotala a ku Australia adalengeza kuti amayi anayi adatenga HIV kuchokera ku umuna woundanitsidwa wa mwamuna mmodzi yemwe adaupereka kuti uthandize maanja osabereka. Kuchokera nthawi imeneyo mbewu ya munthu wopereka kwa ena imayamba yasungidwa kwa miyezi, mwini wake n'kuyezedwanso, isanagwiritsidwe ntchito. Izi sizikutanthauza kuti yemwe ali ndi HIV sangasungitse. Zipatala zambiri zimalandira, n'kusunga payokha, ndipo pali njira yotsuka mbewu kuti mayi ndi mwana atetezeke.

Tsopano tifike pomwe pamavuta kukamba. Si odwala onse omwe amachira. Munthu akamwalira timachubu take tili m'thanki, mwini wake ndani? Ku England nkhani ya Diane Blood idagwedeza dziko lonse. Mwamuna wake Stephen adadwala meningitis mu 1995 n'kukomoka, ndipo mayiyu adapempha madokotala kuti atenge mbewu yake asanatsirizike. Adaterodi. Koma bungwe loyang'anira za ubereki m'dzikolo, HFEA, lidakana kuti aigwiritse ntchito chifukwa malemuyo sadasiye chilolezo cholemba. Mayiyu ankati adakambirana ali moyo, koma mawu apakamwa sadakwanire. Mu 1997 khoti la apilo lidamutsegulira njira yotengera mbewuyo ku Belgium, ndipo adabereka mwana wamwamuna mu 1998, wina mu 2002. Lero ku Britain fomu yomwe munthu amasaina imafunsa mwachindunji kuti mbewu yake idzatani akadzamwalira kapena akadzalephera kudziyankhulira, ndipo kuyambira mu July 2022 lamulo limalola kusunga mpaka zaka 55, bola mwini wake azivomerezanso pakatha zaka 10 zilizonse.

Tiyerekeze zitachitika pakati pathu. Maliro adachitika, kumeta kudachitika, mayi adasudzulidwa, chuma chidagawidwa, ndiye patatha zaka zitatu mayi uja akutulukira ndi khanda kuti ndi la malemu. Ankhoswe adzati chiyani? Eni mbumba adzamulandira? Kwa anzathu a kumpoto ndi kuchigwa cha Shire komwe mwana amatsata kwa bambo, adzapatsidwa malo pamudzi? Dziko lino lili ndi lamulo la chuma chamasiye la 2011 lomwe lidabwera kudzateteza amayi ndi ana kwa achibale olanda katundu, koma tikudziwa kuti mikangano yambiri imayambira pa mkeka wa pamaliro, kutali ndi khoti. Yemwe wasungitsa mbewu, kaya ku Johannesburg kaya ku India, alembe zofuna zake momveka, atchule dzina la mkazi yemwe akumuloleza, auzeko mkulu mmodzi wodalirika wa kubanja kwawo, ndipo pepala limodzi likhale ndi mkaziyo.

Zipembedzo nazo sizikamba chimodzi. Mpingo wa Katolika, m'chikalata chake cha Donum Vitae cha 1987, udakana IVF ngakhale pakati pa mwamuna ndi mkazi okwatirana, ndipo suvomereza kutulutsa umuna ndi dzanja. Kwa Asilamu, akuluakulu a ku Al-Azhar mumzinda wa Cairo adagamula mu 1980 kuti njirazi n'zololedwa ngati mbewu ndi ya mwamuna ndipo dzira ndi la mkazi wake, ukwati ukadalipo. Mbewu ya mwamuna wina njoletsedwa, ndipo aphunzitsi ambiri a Chisuni amati ukwati ukatha ndi imfa kapena kusudzulana, mbewu yosungidwa siigwiranso ntchito. Mipingo ina yambiri imasiyira banja kuti lisankhe. Aliyense ali ndi ufulu wotsata chikhulupiriro chake n'kukana. Chomwe sindigwirizana nacho n'chakuti wachipatala amukanire wodwala mumtima mwake, osamuuza n'komwe kuti njirayi ilipo.

Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna radiotherapy akhala akutumizidwa ku Zambia, Tanzania, South Africa ndi India. M'mizinda ngati Johannesburg, Cape Town, Delhi ndi Mumbai zipatala zosunga mbewu zilipo, nthawi zina pafupi ndi pomwe wodwala wagonekedwa. Amene ali ndi m'bale yemwe akukwera ndege kukayamba chithandizo kumeneko amukumbutse kufunsa asanalandire mankhwala oyamba. Paja safunsa adadya phula. Kuno kumudzi, pomwe tsopano tili ndi National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, odwala ochira achulukirachulukira, ndipo ochirawo adzafuna mabanja. Ndikudziwa kuti wina anena kuti dziko losowa panado lisalote za mathanki a mbewu. Koma thanki, timachubu, glycerol ndi makina oonera mbewu si zinthu zodula poyerekeza ndi makina a radiotherapy, ndipo ngati a zaulimi akhala akusamalira mbewu ya nkhunzi m'nayitrojeni kwa zaka zonsezi, a zaumoyo sangalephere kusamalira ya anthu. Ngakhale IVF itakhala yosafikirika kwa ambiri lero, mbewu yosungidwa chaka chino ikhoza kudikira zaka 20.

Otsalira pa zonsezi ndi ana aang'ono. Kamnyamata ka zaka 7 komwe kagonekedwa ndi Burkitt lymphoma ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre, n'kumalandira cyclophosphamide, kalibe mbewu yoti n'kusunga poti thupi lake silinayambe kupanga. M'maiko ena madokotala amadula kachidutswa ka chende la mwana wotere n'kukaundanitsa, poyembekeza kuti sayansi idzapeza njira yokagwiritsira ntchito iye akadzakula. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Pittsburgh ku America adalengeza kuti njirayi yatheka pa anyani, ndipo kamwana ka nyani kotchedwa Grady kadabadwa. Kwa anthu akadali kuyesa.

Koma mnyamata yemwe watha msinkhu, wa zaka 14 kapena 15, akhoza kupereka mbewu ngati munthu wamkulu. Vuto limakhala womuuza. M'zipatala zathu wodikirira wodwala nthawi zambiri amakhala mayi, ndipo palibe mnyamata wa Fomu 2 yemwe angayankhe funso lotere mayi ake atakhala pamphasa pambali pa bedi. Makolo ayenera kuuzidwa ndi kuvomereza, inde, koma kukambirana kwenikweniko kuchitike mayi atatuluka, ndi dokotala kapena namwino wamwamuna, kapena malume ake a mnyamatayo ataitanidwa kuchokera kumudzi.